Andipempha kujambula ukwati: zimene mbiri ya kamera yandiphunzitsa

Lero tisiye kaye za silabasi ndi mayeso a MSCE. Ndasenza katundu wina pamutu, ndiye ndati ndimutule pamaso panu.

Masabata atatu apitawa ndidalandira foni kuchokera kwa mtsikana wina amene ndidamuphunzitsa History ku Fomu 3 ndi Fomu 4. Pano ndi namwino, munthu wamkulu ndithu. Titalonjerana adati, "Aphunzitsi, mwezi wamawa ndikukwatiwa. Tagwirizana ndi akunyumba kuti zithunzi mudzajambule ndinu."

Ndidaseka. "Mwanawe, kamera yanga ija ndi yojambulira ana a History Club tikapita ku Chongoni kukaona zojambula za m'mapanga. Miyala siyendayenda, sikwiya, komanso ilibe apongozi. Bwanji osapeza katswiri?"

"Akatswiri tawafunsa, aphunzitsi, koma mtengo wake sitingaukwanitse. Chinanso, inu mumatidziwa. Amayi mumawadziwa, agogo mumawadziwa. Mlendo adzangojambula keke."

Mawu otsirizawo adandigwira mtima, ndipo ndidavomera. Koma usiku umenewo tulo tidandithawa. Phunziro ukaliphunzitsa molakwika, mawa umabwerera m'kalasi n'kukakonza. Ukwati sabwereza. Abusa sangayambirenso kudalitsa mphete chifukwa choti aphunzitsi adaiwala kuchotsa chivindikiro pa kamera. Madzi akatayika saoleka.

Inu amene ndidakuphunzitsani mukudziwa chizolowezi changa: chinthu chikandiopsa ndimafunsa kumene chidachokera. Choncho m'masabata amenewa, kuwonjezera pa kuyeseza kamera, ndakhala ndikuwerenga mbiri ya zithunzi za ukwati. Ndapeza kuti mavuto amene ndikuwaopa si atsopano, ena adakumana nawo kale, ngakhale mafumu amene. Ndapezanso funso lalikulu kuposa la mabatani a kamera: kodi m'zithunzimo mudzaoneka ndani, nanga adzasowamo ndani?

Chithunzi chimodzi cha pabalaza

Makolo anga adakwatirana mu 1978. Chithunzi cha ukwati wawo chilipo chimodzi chokha, chakuda ndi choyera, ndipo chili m'fulemu pabalaza kumudzi. Adachijambula ndi bambo wina amene adachokera ku boma pa njinga, kamera ili lende pakhosi. Mayi avala velo yobwereka, bambo avala suti yowathina m'mapewa. Onse awiri aima njo ngati asilikali pa perete, ndipo palibe amene akumwetulira.

Cha kumanzere kwa chithunzicho kukuoneka phewa ndi dzanja la munthu wina, nkhope idatsala kunja. Amenewo ndi atsibweni awo a mayi, amene adali nkhoswe ya ukwatiwo. Ndiwo adayenda maulendo onse okambirana, ndiwo adalandira tambala pa chinkhoswe, ndiwonso ankaitanidwa banja likagwedezeka. Adamwalira ine ndili wamng'ono, ndipo palibe chithunzi chawo china chilichonse. Banja limene lidandibala lidatsamira pa munthu amene ndimamudziwa dzanja lokha.

Wojambula uja sindimuimba mlandu. Adachita zimene wojambula aliyense ankachita masiku amenewo, kuika velo ndi suti pakati, ena onse adzionere okha. Koma chizolowezi chimenechi chili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo idayambira kutali ndi kwathu kuno.

Mfumukazi imene idanjenjemera

Chithunzi chakale kwambiri cha kamera chimene chidakalipo adachijambula Nicéphore Niépce ku France cha mu 1826 kapena 1827. Chimaonetsa madenga a nyumba amene iye ankawaona ali pawindo, ndipo kuti chigwire padafunika kuwala kwa maola osachepera 8. Mu 1839 ku Paris adalengeza njira ya Louis Daguerre, yojambula pa chitsulo cha kopa chokutidwa ndi siliva. Poyamba munthu ankayenera kukhala duu kwa mphindi zingapo. Nthawiyo idachepa m'zaka zotsatira, komabe ojambula ankaika kachitsulo kumbuyo kwa mutu wa munthu kuti asagwedezeke. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu a m'zithunzi zakale amaonekera ouma nkhope. Kumwetulira kwa nthawi yaitali osasuntha milomo si ntchito yamasewera.

Pa 10 Febuluwale 1840, Mfumukazi Victoria ya ku Britain idakwatiwa ndi Albert ku London. Kamera idali itangotuluka kumene poyera, ndipo palibe chithunzi cha kamera cha tsikulo. Mwambowo timauona pa chojambula cha penti cha George Hayter. Koma Victoria adachita chinthu chimene chatikhudza mpaka lero: adavala diresi loyera. Sadali woyamba kutero, koma kuchokera pa iye zoyera zidasanduka chovala cha mkwatibwi, poyamba pakati pa anthu olemera a ku Britain, kenaka kulikonse kumene Angerezi ndi mipingo yawo adafika. Velo yobwereka ya mayi anga ija ndi mdzukulu wa diresi limeneli.

Patapita zaka 18, pa 25 Januwale 1858, mwana wamkazi woyamba wa Victoria adakwatiwa ndi mwana wa banja lachifumu la ku Prussia. Tsopano kamera idalipo. Thomas Richard Williams adajambula mkwatibwi ali ndi makolo ake. Mkwatibwi ndi bambo ake adatuluka bwino, koma nkhope ya Victoria idatuluka mbuu. Mwini wake adalemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti ankanjenjemera. Taganizani, mayi wolamulira maiko ambirimbiri, koma pa tsiku lokwatitsa mwana thupi lidamukanika kuligwira.

Nkhani imeneyi idanditonthoza, komanso idandipatsa phunziro loyamba. Pa ukwati anthu amanjenjemera, ndipo wojambula woyamba kumene ngati ine adzanjenjemera kuposa onse. Kamera ikatsegula diso lake nthawi yaitali, kugwedezeka kulikonse kumalowa m'chithunzi. Ndiye ndatsimikiza kuti liwiro la shutter lisatsike kupitirira 1/125 ya sekondi, ndipo pa nthawi yovina ndidzalikweza. M'tchalitchi mukakhala mdima ndidzakweza ISO m'malo mochedwetsa shutter, pakuti chithunzi chokhala ndi timadontho n'chabwino kusiyana ndi chithunzi chimene mkwatibwi ali ndi mphuno ziwiri. Ndaphunziranso kupanikiza zigongono m'nthiti ndi kugwira mpweya pang'ono ndisanadine.

Kamera ifika kuno kwathu

Chaka chomwecho cha 1858, David Livingstone adanyamuka ku Britain pa ulendo wake wa ku Zambezi, umene udamufikitsa ku mtsinje wa Shire ndi ku Nyanja ya Malawi mu 1859. Ntchito yojambula zithunzi adaipereka kwa mng'ono wake, Charles Livingstone, koma sizidamuyendere bwino. Amene adasiya zithunzi zooneka ndi John Kirk, dotolo komanso katswiri wa zomera pa ulendowo, yemwe dzina lake lili pa mapiri a Kirk Range. Zithunzi zake zili m'gulu la zoyambirira kujambulidwa m'chigawo chino cha Africa. Zambiri mwa izo ndi za mitengo, nyumba ndi maboti. Njira imene ankagwiritsa ntchito, ya pepala lopaka phula, inkafuna nthawi yaitali, ndiye zinthu zosayenda ndizo zinkagwira bwino. Kirk adali ngati ine ku Chongoni.

Amishoni atakhazikika, a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndi a Dutch ku Mvera mu 1889, adabweretsa zinthu ziwiri pamodzi: ukwati wa m'tchalitchi ndi kamera. Zithunzi zinkatumizidwa kwawo kuti anthu opereka ndalama aone kuti ntchito ikuyenda, ndipo chithunzi cha Mkhristu wovala jekete ataima ndi mkazi wake wovala diresi chinkanena zambiri kwa anthu amenewo. Makolo athu adali akukwatirana kalekale amishoni asanabwere. Ankhoswe ankakumana, mawu ankamangidwa, ndipo ukwati unkakhala ukwati pamaso pa mbumba zonse ziwiri. Koma kamera sidapite kumeneko. Idaphunzira kuima pakhomo la tchalitchi, ndipo kwa zaka zambiri idakhala pomwepo. Apa m'pamene padachokera chizolowezi chimene chidadula atsibweni a mayi anga.

Si azungu okha amene adagwira kamera. Ku Blantyre Mission kudali Mungo Murray Chisuse, katswiri wosindikiza mabuku amene adapitako ku Scotland. Iye amadziwika kuti ndi Mmalawi woyamba kutchuka pa ntchito yojambula zithunzi, ndipo wolemba mbiri John McCracken adafufuza ndi kulemba za moyo wake. Mwa anthu amene Chisuse adawajambula padali M'busa John Chilembwe wa ku Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Ambiri mudachionapo chithunzi cha Chilembwe ali ndi mkazi wake Ida ndi mwana wawo, onse atavala mwaulemu wake. Chilembwe ankadziwa bwino ntchito ya chithunzi. Ankafuna kuti dziko lione Mwafrika ataima mwa ufulu ndi banja lake.

Ndimawauza ana m'kalasi kuti nkhondo ya Chilembwe idayamba pa 23 Januwale 1915, kuti iye adaphedwa pa 3 Febuluwale, ndi kuti boma la atsamunda lidagumula tchalitchi chake cha njerwa. Chimene sindidachiganizirepo mozama mpaka pano n'chakuti tchalitchicho timachidziwa maonekedwe ake chifukwa cha zithunzi, ndipo nkhope imene ili pa ndalama ya K500 ndi K2000 tili nayo chifukwa wina adaima ndi kamera tsiku lina.

Palinso chithunzi cha mu 1914, chojambulidwa pa tchalitchi chatsopanocho. Chilembwe waima ndi mmishoni wachizungu, John Chorley, ndipo wavala chipewa. Masiku amenewo Mwafrika ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Patapita zaka 108, mu Sepitembala 2022, Mmalawi mnzathu Samson Kambalu adaimika chosema chochokera pa chithunzi chimenechi ku Trafalgar Square, pakati pa mzinda wa London, ndipo chidakhala pamenepo mpaka 2024. Adachitcha Antelope, ndipo Chilembwe adamupanga wamkulu kuposa Chorley. Wojambula wa mu 1914 uja ankangojambula abusa awiri pa tchalitchi. Sakadadziwa kuti chipewa ndicho chidzalankhule. Ili ndi phunziro lachiwiri: wojambula sadziwa chimene adzukulu adzachifune m'chithunzi chake, choncho asafulumire kudula zimene zili m'mbali.

Diresi loyera ndi khungu lathu

Tsegulani alubamu iliyonse ya ukwati ya m'ma 1980 kapena 1990. Mupeza zithunzi zimene diresi likuwala bwino koma nkhope za akwati zili bii, maso ndi mano okha ndiwo akuoneka. Tinkangoti wojambula adali wosadziwa, kapena kuti ife ndife okuda kwambiri. Nkhani yake ndi yaitali kuposa pamenepo.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu. Pakhadipo padali chithunzi cha mayi wachizungu, ndipo makhadiwo adatchedwa Shirley potengera dzina la mayi woyamba kujambulidwapo, Shirley Page. Makina ankawatchera kuti khungu la mayi ameneyu lituluke bwino. Khungu lakuda silidali m'maganizo mwa opanga filimu. Lorna Roth, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Concordia ku Canada amene adafufuza nkhaniyi, adapeza kuti ena mwa amene adakakamiza kuti filimu isinthe ndi makampani ogulitsa chokoleti ndi mipando ya matabwa, chifukwa katundu wawo wofiirira sankaoneka bwino pa zithunzi zotsatsa malonda. Khadi lokhala ndi amayi a mitundu yosiyanasiyana lidatuluka cha m'ma 1995. Aphunzitsi anzanga a Social Studies, nachotu chitsanzo cha phunziro la tsankho chimene ana sangachiiwale.

Makamera a lero ndi abwino kwambiri kuposa filimu ya nthawi imeneyo, koma vuto lina lidakalipo. Kamera ikamayeza kuwala payokha, imayesetsa kuti chithunzi chonse chikhale pakatikati, chosawala kwambiri komanso chosada kwambiri. Ikaona diresi loyera ladzaza malo, imaganiza kuti kwawala mopitirira, ndiye imachepetsa kuwala. Zotsatira zake diresi limatuluka lotuwa, ndipo nkhope imalowa mumdima. Ndidayesa Loweruka lapitali. Ndidapempha mayi a kunyumba kuti afunde nsalu yoyera ya pabedi n'kuima pabwalo masana, aneba akutiyang'ana modabwa. Pa dzuwa la 12 koloko zithunzi zidatuluka ngati za mu alubamu zija. Titasamukira pansi pa mtengo wa mango, n'kuyeza kuwala pa nkhope osati pa nsalu, mayi adatuluka monga mmene ndimawadziwira.

Phunziro lachitatu ndi limenelo. Zithunzi za magulu ndidzajambulira pamthunzi, dzuwa lili kumbuyo kwa anthu kapena cha m'mbali, osati kumaso kwawo kuti azitsinzina. Ndidzayeza pa nkhope. Pamene mthunzi wachuluka ndidzawonjezera fulashi pang'ono ngakhale kuli masana. Diresi likawala mopitirira pang'ono, mkwatibwi adzandikhululukira. Koma nkhope ya agogo ake ikasowa, sadzandikhululukira, ndipo adzakhala akulondola.

Ojambula a pa njinga

Kamera idafika m'manja mwa anthu wamba chifukwa cha George Eastman wa ku America. Mu 1888 adatulutsa kamera ya Kodak yokhala ndi filimu ya zithunzi 100. Ukamaliza unkatumiza kamera yonse ku fakitale ku Rochester, iwo n'kutsuka zithunzi, kuikamo filimu ina n'kukubwezera. Mu 1900 idabwera Brownie, ya mtengo wa dola imodzi. Mu 1925 ku Germany kudatuluka Leica, kamera yaing'ono ya filimu ya 35mm, imene munthu ankatha kuyenda nayo pakati pa anthu. Kuyambira pamenepo sikudalinso kofunika kuti akwati apite ku situdiyo kukaima ngati mitengo. Wojambula ndiye adayamba kupita kumene kuli anthu.

Mu Africa muno, munthu amene ndamusirira kwambiri pa ntchito imeneyi ndi Malick Sidibé wa ku Bamako, m'dziko la Mali. Dziko lake litalandira ufulu mu 1960, iye ankayenda usiku ndi kamera yake m'maphwando, m'maukwati ndi m'madansi a achinyamata. Akabwerako ankatsuka zithunzi, kuzimata pa mapepala olimba ndi kuziika manambala, kuti eni ake abwere adzasankhe zimene akufuna kugula. Anthu a m'zithunzi zake akuseka, akuvina, akutuluka thukuta, chifukwa ankamudziwa ndipo sankamuopa. Iye ankangofuna kupeza chakudya cha ana ake, koma lero amene akufuna kudziwa mmene achinyamata a ku Mali ankakhalira ufulu utangobwera amapita ku zithunzi zimenezi. Mu 2007 adalandira mphotho ya Golden Lion ku Venice chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse. Adamwalira mu 2016.

Ifenso tidali nawo a Sidibé athu, ngakhale kuti maina awo sadalembedwe m'mabuku. Amene mudakula m'ma 1980 ndi 1990 mukuwakumbukira. Ankafika pa sukulu, pa tchalitchi kapena pa ukwati ndi njinga ndi kachikwama ka m'khwapa. Unkalipira theka, n'kudikira masabata awiri kapena atatu kuti filimu ithe, aipititse ku tauni kukatsukitsa. Nthawi zina ankabwera ndi uthenga wachisoni wakuti filimu idapsa. Filimu imodzi inkakhala ndi zithunzi 36, zina 24, zina 12 zokha. Ukwati wonse, kuyambira kutchalitchi mpaka ku perekaniperekani, unkayenera kukwana m'mafilimu awiri kapena atatu. Munthu wotere sankadina mwachisawawa. Ankayamba wayang'ana, n'kudikira, kenaka n'kudina kamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phunziro lachinayi ndalitenga kwa iwowa. Mtsikana uja sadalakwe ponena kuti ine ndimawadziwa. Kudziwa anthu ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kudekha. Kamera yanga ingathe kujambula zithunzi zikwi zingapo pa tsiku limodzi, koma ndadzifunsa kuti: ndikadakhala ndi filimu imodzi ya 36, ndikadajambula ziti? Ndatenga pepala n'kulemba manambala 1 mpaka 36. Ntchito imeneyi yandivuta kuposa kulemba sikimu ya teremu yonse.

Zithunzi zambiri, zosungika zochepa

Kamera yoyamba ya dijito, yosafuna filimu, adaipanga Steven Sasson, injiniya wa ku Kodak, mu 1975. Inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi chakuda ndi choyera pa tepi ya kaseti. Luso limeneli ndilo lidadzagwetsa malonda a filimu, moti mu Januwale 2012 kampani ya Kodak idapita kukhoti kukanena kuti yalephera kubweza ngongole zake. Lero pa ukwati uliwonse pamakhala mafoni ochuluka ngati anthu, ndipo mkwatibwi asanatuluke m'tchalitchi zithunzi zake zimakhala zafika kale ku Johannesburg pa WhatsApp.

Koma tafunsani anzanu amene adakwatira zaka 10 kapena 15 zapitazo kuti akuonetseni zithunzi zawo. Wina akuuzani kuti zidali pa CD imene idakalika. Wina akuti zidali m'kompyuta imene idafa. Wina akuti foni idabedwa m'minibasi. Pamene chithunzi chimodzi cha makolo anga, cha mu 1978, chidakali pakhoma, ndipo mwana aliyense wobadwa m'banja mwathu amachiona. Ife a History timadziwa kuti umboni umene umapulumuka si umene udali wochuluka, koma umene wina adausamala.

Choncho phunziro lachisanu: usiku womwewo wa ukwati, ndisanagone, zithunzi ndidzazikopera m'malo awiri osiyana, ndipo memory card sindidzaifufuta mpaka akwati atalandira zonse. Kenaka ndidzatsukitsa zithunzi 36 zija pa pepala, ndi kulemba kumbuyo kwa chilichonse tsiku, malo ndi maina a anthu. Imeneyi ndiyo idzakhale mphatso yanga, m'malo mwa mapoto.

Mmene ndakonzekera

Safunsa adadya phula. Ndidapita kukacheza ndi bambo wina wachikulire wa pamsika pathu amene adajambula maukwati kwa zaka zambiri asanayambe kugulitsa zipangizo za njinga. Adandiuza zinthu zitatu: ufike msanga kuposa aliyense, udye usanayambe chifukwa wojambula sakhala pansi, ndipo usadalire kamera imodzi. Ndabwereka ina kwa mphunzitsi mnzanga wa Physical Science. Ndagula batire lachiwiri, ndipo onse ndidzawatchaja kudakali masiku awiri, kuopa kuti magetsi angathime usiku wotsiriza.

Lamulungu lapitali ndidakapemphera ku tchalitchi kumene kudzachitikire ukwatiwo, kuti ndione kumene kuwala kumalowera pa nthawi ya mwambo. Nditatha mapemphero ndidakaonana ndi abusa. Adandiuza kuti fulashi saifuna pa nthawi ya ulaliki ndi ya pemphero, ndiponso kuti ndisadutse kutsogolo kwa guwa. Adandionetsa pamene ndingaime pa nthawi ya malonjezo, yovekana mphete ndi yosainira kaundula. Ndidapitanso ku holo. Ndalankhula ndi MC kuti azindinong'oneza chimene chikubwera, kuti kudula keke kusandipeze ndili panja. Ndapemphanso msuweni wa mkwatibwi ndi mlongo wake wa mkwati kuti adzakhale pafupi nane pa nthawi ya zithunzi za magulu, chifukwa iwo ndiwo akudziwa kuti azakhali ndi ati, ndiponso amene sayenera kuimikidwa pamodzi ndi ati.

Tsono pa pepala langa la manambala 36 lija, velo, mphete ndi keke zilipo, ndipo zidzajambulidwa bwino momwe ndingathere. Koma nambala 1 si zimenezo. Nambala 1 ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ataima ndi akwati, nkhope zawo zonse zili m'kati. Ndapempha kuti ndidzakhaleponso pa chinkhoswe, chimene chichitike sabata imodzi ukwati usanafike, kuti ndidzajambule kusinthana kwa tambala ndi msoti, khasu ndi nkhwangwa zopatsa mwamuna, lichero ndi mthiko zopatsa mkazi. Nambala 2 ndi agogo ake a mkwatibwi, amene adamulera bambo ake atamwalira, ndiponso amene ankagulitsa mandasi kuti apeze fizi. Ndimawakumbukira akubwera ku ofesi ya ahedi ndi ndalama zomanga pa nsonga ya chitenje. Iwowa sadzadzikankhira kutsogolo. Adzakhala pakona, ndipo ngati sindikawafuna, palibe amene adzawajambule.

Pa pepalapo palinso amayi ophika kuseri kwa holo, amene adzadzuke 3 koloko m'mawa kusonkha moto, koma m'holo sadzalowamo. Pali anyamata onyamula mipando. Pali ana okhala pansi kutsogolo, amene zaka 30 zikubwerazi adzakhale akuluakulu a banjali. Pali lichero la perekaniperekani ndi ndalama zake, chifukwa ndalama zimasintha, ndipo tsiku lina mwana adzafunsa kuti nkhope ili pa pepalayo ndi ya yani. Pali ngakhale msewu wa kutsogolo kwa tchalitchi ndi galimoto zoimikidwa pamenepo. Chipewa cha Chilembwe chandiphunzitsa kusanyoza zinthu za m'mbali.

Kunena zoona mantha sadathe. Ndikhoza kulakwitsa kuwala, ndikhoza kuchedwa ndi sekondi imodzi pamene mkwati akuvundukula velo. Zimenezo zikachitika ndidzapepesa. Koma mwana amene adzabadwe m'banja limeneli sadzaloza phewa la munthu m'mphepete mwa chithunzi n'kufunsa kuti ameneyu adali ndani, monga ndimachitira ine ndikapita kumudzi.

Aphunzitsi anzanga, mukapita kwanu pa holide ino, tsitsani chithunzi cha ukwati chimene chili pakhoma, mukhale pansi ndi wamkulu amene watsala, akuuzeni maina a onse amene ali m'menemo, ndipo mulembe kumbuyo ndi pensulo. Muthanso kuwapatsa ana a Fomu 1 ngati ntchito ya kunyumba pa mutu wa magwero a mbiri. Inu ana anga akale amene mudzakhale nawo pa ukwatiwu, ndikupemphani chinthu chimodzi: mkwatibwi akamalowa, musadzaime pakati pa njira ndi mafoni anu. Ndikadzakuitanani ndi dzina lanu lonse monga ndinkachitira ku Fomu 3, musadzadabwe.

Ukwati uliko Loweruka lachiwiri la mwezi wamawa. Mundikumbukire m'mapemphero, ndipo zikadzatha ndidzakufotokozerani mmene zidayendera.